Tsiku Loyendera Chipatala cha Mano

"Alamu, mankhwala ochititsa dzanzi awa anatha mphamvu mwezi watha," anatero woyendera zipatala za mano, akuloza deti pa kabotolo.

Dokotala mtima unamuwawa. Iye, katswiri amene anazula mano m'mayiko asanu, lero akudzudzulidwa ndi munthu amene kusukulu ankakomoka akaona magazi!

"Munazulapo dzino inu, ngakhale logwedera?"

"Ayi, alamu. Koma ndikasaina apa, mutseka."

Dokotala anatembenukira mwana wake wamkazi, amene anamuphunzitsa udokotala kuti adzamusiyire chipatalachi. Ankayembekezera kuti amuikira kumbuyo. Koma mwanayo maso anali pa cholembera cha woyendera uja.

"Amalume," anafunsa chapansipansi, "ntchito yanuyi amafunsira kuti?"