Ndodo Yomwe Inagwa

"Taimani!" Marcy, woimba wa bandi yawo, anakweza dzanja, magitala onse n'kukhala chete. "Wendell, ng'omazo wamenya bwino."

"Ndiye vuto n'chiyani?"

"Pachimbale sizili choncho, nkhalamba iwe. Pamenepo umaphonya."

Wendell anatsamira khoma lozizira la galaja, mapewa akuwawa. Zaka makumi atatu zapitazo, akujambula nyimboyi m'chipinda chapansi kuno ku Minneapolis, ndodo ya ng'oma inamupulumuka. Ng'oma zinati zii kwa kamphindi, iye akupapasa pansi. Anachonderera kuti abwereze, koma tepi inali itatha.

Chimbalecho chinatchuka. Mpaka lero magulu a achinyamata amasiya dala kampata kotero m'nyimbo zawo, ati ndi luso la Wendell.

"Moyo wanga wonse ndakhala ndikuphunzira kuti ndisadzaphonyenso," anatero motsitsa mawu.

"Loweruka kukubwera anthu zikwi zitatu kudzationera, ndipo onse akudikira kampata kameneko. Ukakatseka, atigenda ndi mabotolo."

Anayesa kasanu konse. Dzanja linkakana, limangomenya pamalo pake.

Marcy anapukusa mutu, n'kulowa m'nyumba. Anabwerako ndi batala pampeni.

"Tambasula dzanja."

Anamupaka m'chikhatho ngati akupaka buledi. Anayambiranso, ndipo atafika pamalo paja, Wendell anangomasula zala pang'ono. Ndodo inaterereka, galaja yonse n'kuti zii.

"Eya!" anakuwa Marcy. "Ameneyo ndiye Wendell wathu!"

Wendell anaiyang'ana ndodoyo ikugubuduzika pasimenti. Ulendo uno sanawerame kuti aitole.