Sokosi ya M'jekete la Wendell

"Sokosi iyi ndi ya ndani?"

Darlene anaiponya patebulo, pakati pa makhadi akale a zithunzi za osewera mpira wa baseball amene mwamuna wake Wendell amawasamala kuposa mano ake. Inali sokosi yaitali ya nayiloni, ya akazi, ndipo anaipeza m'thumba la jekete lake.

Wendell thukuta linali kamukamu. "Ndi ya ntchito, mkazi wanga. Makhadi akalewa amamatidwa phula la pepala limene ankakutira. Ukapukuta ndi nayiloni limachoka. Anzanga onse muno mu Toledo amatero."

"Madoda onse a mu Toledo akuyenda ndi sokosi za akazi m'matumba? Ndionetseni, apo ayi lero mukagona kwa mwini wake."

Anamulozera khadi la 1956, lija Wendell salola ngakhale mphaka kulinunkhiza. Bamboyo anayamba kupukuta pang'onopang'ono.

"Sindikuona kanthu ine," anatero Darlene. "Kodi simunadye?"

Poganizira banja lake, Wendell anatseka maso n'kupukuta ndi mphamvu zonse. Phula linachoka ndithu. Mphuno ya wosewerayo inachokanso, pamodzi ndi theka la chipewa chake.

"Waona tsopano?" anafunsa misozi ikulengeza. "Wakhulupirira?"

"Ndinakhulupirira kalekale," anatero Darlene akupinda sokosiyo bwinobwino. "Ndi yanga iyi, ndinavala tsiku la ukwati wathu. Inzake ija nayonso sindikuiona. Sankhani khadi lina, tikambirane."