Tsiku Limene Ruweida Anatseka Masitepe

Panali munthu wina pa Zalewa, a Twaibu, mwini golosale. Akuti zinachitika mu 1995, nthawi ija aliyense atayamba geni. A Twaibu malonda anawayanja, ndiye anaganiza zomanga nyumba yosanja kanayi: sitolo pansi, zipinda za alendo pakati, holo pamwamba, kuti odutsa pamsewu azicheuka.

Pulani anajambula ndi mwana wa mlongo wawo, Ruweida, mtsikana wa ku Lisungwi amene anaphunzira ku Blantyre mpaka kukhala injiniya. Pakati pa nyumbayo anaikapo chipinda cha masitepe, makoma anayi a konkire ndi zitsulo, kuchokera pa maziko mpaka kudenga.

"Kodi chimpanda ichi n'chachiyani pakati pa sitolo yanga?" anafunsa a Twaibu. "Ndikakhala pa kauntala, akuba ndiziwaona bwanji?"

"Amalume, mizati imasenza kulemera kwa nyumba," anayankha Ruweida. "Koma mphepo imakankha cham'mbali, ndipo amalimbana nayo ndi makoma amenewa. Mukawachotsa, nyumba ikhala ngati tebulo la miyendo yogwedera."

Ruweida atapita kukagwira ntchito ku Mzuzu, kunatulukira mmisiri wachilendo wa Chingerezi chambiri. Ankati anamangapo nyumba zitalizitali ku Joni. Palibe anamufunsa kuti ziti.

"Bwana, izi n'za m'mabuku basi," anatero mmisiriyo. "Masitepe timaika kunja, alendo asamadutse m'sitolo. Chotsani chimpandacho, malo akule."

A Twaibu anamva zimene ankafuna kumva. Anaimika mizati yokhayokha, masitepe achitsulo n'kuwapachika kunja. Nyumba inakongola, tisanamizane. Mmisiri uja atangomaliza anazimiririka.

Mu Novembala mwana wamkazi wa a Twaibu ankakwatiwa, ndipo phwando analikonzera mu holo ya pamwamba ija. Ruweida anafika m'mawa wa tsikulo. Analowa m'sitolo n'kupeza makoma aja mulibe. Anakwera pamwamba ndi beseni la madzi, n'kuliika pansi. Kunja kunali kamphepo kochepa chabe, koma madzi ankagwedezeka osaleka.

Anatsika, anayala chitenje pa sitepe yoyamba, n'kukhala.

"Kumwambaku sikukwera munthu," anatero.

"Iwe Ruweida, ukufuna kundichititsa manyazi pamaso pa alendo onsewa eti?" anakalipa a Twaibu. "Choka apo!"

"Mundikhululukire amalume. Ngati n'kundimenya ndimenyeni, koma wofuna kukwera ayambe waponda pa ine."

Anthu anamunena mwanayo! Ena ankati sukulu yamuzunguza mutu, ena ankati ndi nsanje poti iye sanakwatiwe. Mayi ake analira, kumupempha kuti asawononge ukwati wa m'bale wake. Iye anangowerama, osasuntha. Ndani akanaponda mwana wa mwini pa tsiku la ukwati? Masana atakwana, a Twaibu anatseka sitolo mokwiya, phwando n'kulisamutsira pa bwalo la mpira. Ruweida sanamuitane. Anakhala tsidya la msewu ndi njala yake, kuyang'anira kuti wina asazembe n'kukwera.

Cha m'ma 3 koloko kunada bii. Chimphepo cha mvula yoyamba chinatsika kumapiri, fumbi koboo. Anthu ali pabwalo anaona nyumba ija ikuweyeseka uku ndi uku. Kenako mizati ya pansi inathyoka, nyumba inapendama, holo yonse n'kugwera pansi pamodzi ndi mipando mazana awiri imene anayalira alendo.

Amayi anayamba kugwiragwira ana awo. Onse analipo, ngakhale wokalika ndi msomali panalibe.

A Twaibu sanapite kukaona nyumba yawo. Anatenga mbale ya mpunga ndi nyama imene anasungira alendo olemekezeka, n'kuinyamula okha mvula ikuwakwapula, khamu lonse likuwatsatira. Atafika tsidya la msewu, bambo wamkuluyo anagwada m'matope pamaso pa mwana wa mlongo wake.

"Idyani mayi," anatero. "Anthu onsewa ali moyo chifukwa cha inu."

Ruweida ameneyo ndi mwana wa ku Neno, ndipo ine ndimamunyadira.

Phunziro: Nyumba yosanja imafuna makoma olimba pakati oti azilimbana ndi mphepo. Musawachotse pofuna malo, ndipo musataye malangizo a mwana wanu wophunzira chifukwa cha mlendo wa pakamwa potsetsereka. Tumizirani nkhaniyi aliyense amene akumanga, aiwerenge asanathire konkire.