Njinga Yopanda Chiwongolero

Che Dinala atagwa kachitatu, anzawo a kabaza pa siteji ya ku Chembe anaseka mpaka kugwira nthiti.

Njingayo inali ya tayala limodzi, ya mwini loji ya pafupi. Che Dinala anayamba kupalasa kabaza mu 2009, koma apa manja awo ankangofunafuna chiwongolero chomwe panalibe.

"Ababa, ndiyeseko," anatero mwana wawo Rahma, akutula ndowa ya madzi. Ankachapa ku lojiko.

Anthu onse ankadziwa kuti Che Dinala anamuletsa njinga kalekale, ati si za atsikana.

Rahma anagwira mpanda n'kukhala pachishalo. Kakweredwe kokhako kanawauza bambo ake kuti sikanali koyamba. Anausiya mpandawo, msana uli chilili, maso patsogolo, monga amayendera atasenza ndowa yodzaza. Tayala linagwedera, kenako linamumvera.

"Akulu, mwana wakuphwanyirani lamulo," anatero wina. "Simumukalipira?"

Che Dinala anasasa mchenga pathalauza, nathamangira mumsewu akukupiza manja.

"Patukani, inu a njinga za matayala awiri! Akudutsa mwana wa Dinala!"