Nyumba ya ku Chileka

"Victor, chotsa vidiyoyo pompano!" Mwayiwathu anakuwa pafoni.

Mchimwene wakeyo anali ataika pa Fesibuku mwambo wotsegulira nyumba ku Chileka, abusa akufuula kuti, "Mulungu wadalitsa Mwayiwathu wa ku London!"

Chivulalireni msana kuntchito yosamala okalamba, Mwayiwathu ankadalira mabenefiti, ndalama zimene boma la kumeneko limapatsa olumala. Nyumbayo anaimanga ndi ngongole ya kubanki atapereka fulati yake ya ku Croydon, ku London komweko, ngati chikole, koma aboma sanawauze kanthu, chonsecho wolandira mabenefiti amayenera kuulula katundu wake yense.

"Akangoiona ndatha ine! Andidula mabenefiti, mwinanso kundimanga. Nanga ngongoleyo ndidzabweza ndi chiyani?"

Munthu anagogoda kwa aneba, iye n'kusuzumira pawindo poganiza kuti ndi aboma.

"Asisi, mtima m'malo," Victor anatero akuseka. "Zimenezo ndinaziganizira kalekale. Abwere adzafufuze mmene angafunire. Puloti, nyumba, mita ya magetsi, zonse ndinalembetsa m'dzina langa. Palibe angatsimikize kuti nyumbayi ndi yanu."

"Zikomo Ambuye," Mwayiwathu anausa moyo, n'kukhala pansi.

Kenako anadzidzimuka n'kuimiriranso.

"Victor, wati palibe? Ngakhale ineyo?"

"Halo? Asisi, netiweki ikuvutatu kuno."