Khosi la Mwana

Sitima ya pamadzi itaima padoko tsiku lachisanu, mayi wina wapaulendo m'sitimamo anachapa matewera, anawayanika, nabereka mwana kukaona tauni. Anadabwa ndi wotchi yaikulu, anagula sopo wotchipa, mtima uli mbee.

Pobwerera kunali kutada. Ali pathabwa lokwerera, lokwana munthu mmodzi, anamva mawu kumbuyo: "Amake mwana, khosi lapindika ili." Dzanja linakonza mutu wa mwanayo mosamala.

"Zikomo, achemwali," anatero osacheuka, poopa kugwera m'madzi.

Wantchito wa m'sitima anaseka. "Mukuthokoza thabwa? Omaliza ndinu, mayi."

Mayiyo anamasula mwana msangamsanga. Anali m'tulo, akupuma bwinobwino, koma patsaya pake panali madzi ozizira, mizere inayi ngati ya zala.