Foni Yomwe Inalowa M'bokosi

Zithunzi za Tawina zinali zitatsala zisanu ndi chimodzi m'mawa umene Isake anaika foni yake pa kauntala ya Anisa, pa Nathenje. Tsiku la maliro zinalipo zoposa mazana awiri.

Anisa ankakonza mafoni m'kakontena kabuluu kuseri kwa siteji ya maminibasi. Anali mayi wosataya nthawi ndi moni wautali. Anangokonza mpango wake n'kufunsa kuti foniyo yatani.

"Ikumeza zithunzi za malemu akazi anga," anatero Isake, mawu ali pansipansi.

Tawina anamwalira chaka chatha, nthawi yokolola, ndipo anakaikidwa kwawo ku Mitundu. Anasiya mwana mmodzi, Tikondane, yemwe tsopano anali ndi zaka zitatu. Mwanayo nkhope ya mayi ake ankaidziwira pa galasi la foni basi. Asanadye, asanagone, ankati amuonetse "amama a mufoni". Zithunzizo zikatha, Tiko adzakula osadziwa kuti anabadwa kwa munthu wooneka bwanji. Zimenezi n'zimene zinkamuwawa Isake, kuwawa kwenikweni.

Chomwe sanamuuze Anisa n'chakuti mlanduwo iye anali ataugamula kale mumtima. Zithunzi zinayamba kusowa mwezi womwewo umene anayamba kuperekezana ndi Zipora, mphunzitsi wa pasukulu ya mkaka ya Tiko. M'mawa uliwonse ziwiri, pena zitatu, zii! Za fodya wake m'chigafa zinalipo zonse. Za mbuzi, ngakhale ya mbuzi yothyoka mwendo ija, zili mbwee. Zinkapita za Tawina zokhazokha. Nanga munthu angafunenso umboni wanji? Chiliza sichinamangidwe, iye ali kalikiliki ndi za banja lina. Tawina wakwiya, ndipo akudzichotsa yekha m'nyumbamo.

Anisa anayendetsa chala pa galasi, akutafuna chingamu.

"Foni ilibe mizimu, achimwene. Zithunzi zanu sizikhala muno mokha. Zimasungidwanso pa intaneti, mu akaunti ya imelo. Mafoni awiri akalowa mu akaunti imodzi amakhala ngati nyumba ziwiri za nkhokwe imodzi. Wina akatapa uko, kwa inunso chimanga chachepa."

Anatembenuza foniyo kuti Isake aone. Panali mayina awiri a mafoni. Loyamba linali la foni yake. Lachiwiri analidziwa asanamalize n'kuliwerenga komwe, poti inali foni ya Tawina yomwe anaigula yekha ku Lilongwe atagulitsa fodya, n'kuilowetsa mu imelo yake chifukwa Tawina analibe yakeyake.

"Iyi yachiwiriyi ndiyo ikufufuta," anatero Anisa. "Ndipo ndi yoyaka. Panopa. Ili ndi ndani?"

Isake anagwira kauntala ndi manja onse awiri. Kunja makondakitala ankakuwa za Dedza ndi za tauni, koma iye ankawamva ngati ali kutsidya la mtsinje.

Foniyo inalowa m'bokosi la maliro. Analikumbukira bwino tsikulo. Amayi ake a Tawina anatuma munthu kudzaitenga, poti mkamwini ndi apongozi ake sayankhulana maso ndi maso. Anati mwana wawo apite ndi chitenje chake, Baibulo lake ndi foni yake. Isake anaipereka, ali kulira. Ankawaona apongoziwo chapatali, atakhala kumutu kwa bokosi, ofanana ndi mwana wawo chilichonse, mpaka mawu okhala ngati a munthu wachimfine.

Panalinso kachinsinsi kena kochititsa manyazi. Mwezi uliwonse Isake ankatumiza mayunitsi ndi bandulo ku nambala ya Tawina, kuopa kuti ingatsekedwe n'kupatsidwa munthu wachilendo. Koma kuiimba, ayi ndithu. Sanayerekezepo.

"Ili kumanda," anatero.

Anisa anasiya kutafuna. Onse awiri anayang'ana pa galasi. Panali Tawina atavala diresi lachikasu, pa chinkhoswe cha mng'ono wake, akuseka dzanja lili pakamwa. Ali chiyang'anire choncho, chithunzicho chinazimirira. Zinatsala zisanu.

"Subhanallah!" Anisa anabwerera m'mbuyo mpaka kugunda shelefu ya matchaja. Koma ntchito ndi ntchito. Anapumira m'mwamba n'kuyandikiranso.

"Mverani. Zofufutidwa posachedwapa zikadali m'bini ya akaunti, ndingathe kuzibweza. Za miyezi yam'mbuyo zinapita, musandinamizire mawa. Koma ndikabweza, uyo azifufutanso. Mankhwala ake n'kuitulutsa foni inayo mu akaunti. Ndikangodina apa, yatha."

Chala chake chinaima pamwamba pa galasi, kudikira mwini foni. Isake anayang'ana chalacho. Kudina pamenepo kunali ngati kumutsekera Tawina chitseko kachiwiri. Kusadina kunali kumulanda Tiko mayi ake.

"Dikirani kaye," anatero. "Ndimupepese."

Anatenga foniyo n'kusaka dzina lomwe sanalikhudze kwa chaka chathunthu. Anaimba. Ankayembekeza kumva kuti nambalayo sikupezeka.

Inaitana. Kamodzi. Kawiri. Kachitatu wina anayankha, ndipo kunangomveka kupuma, ndi tambala akulira chapatali.

"Halo?"

Mawu achimfine aja. Isake anakhala pansi, pa fumbi, anthu akuona.

"Tawina, ndikhululukire. Siyirako mwana ngakhale chimodzi."

Kenaka mawuwo anasweka ndi kulira.

"Ndine apongozi anu, bambo a Tiko. Foni ija sindinaiike m'bokosi, mtima unakana. Koma ndithandizeni, inu odziwa Chizungu. M'mawa uliwonse ndikamusisita kumaso ndi chala pamabwera timalemba, ndikatidina kuti tichoke, mwana wanga amachoka nato limodzi. Wanditsalira m'zithunzi zisanu zokha."